Masiku 20 mu Mariupol: mafunso ndi mayankho pa filimu yojambulidwa mumzinda wozingidwa

Filimu ya 20 Days in Mariupol si yoonera uku mukutafuna chimanga chokazinga n'kumaponyerana nthabwala. Ndi ya mphindi pafupifupi 95, koma ine ndinaiimitsa kawiri, kutuluka panja kukapuma kaye. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa akamva za filimuyi kapena akaimaliza. Angapo ndi anga omwe.

Kodi ndi filimu yamtundu wanji, ndipo anaijambula ndani?

Ndi filimu ya zinthu zenizeni, ija imatchedwa documentary. Mulibe ochita sewero, ndipo amene mukuwaona akufa anafadi. Anaijambula ndi Mstyslav Chernov, mtolankhani wa ku Ukraine wochokera mumzinda wa Kharkiv, amene ankatolera nkhani bungwe la Associated Press. Anali ndi anzake awiri, Evgeniy Maloletka wojambula zithunzi ndi Vasilisa Stepanenko, wamng'ono pa onse, amene ankayendetsa za maulendo ndi kupeza anthu oti alankhule nawo.

Atatuwa analowa mu Mariupol m'bandakucha wa pa 24 February 2022, kutatsala ola limodzi kuti mabomba oyamba a nkhondo ya Russia yolowerera Ukraine agwe. Sikuti nkhondo inangowapeza ali paulendo ayi. Anaona pamapu kuti zikavuta, mzinda umenewu ukhala woyambirira kulimbiranidwa, ndiye anapitiratu dala. Atolankhani ena a mabungwe akunja anatuluka njira zisanatsekeke, n'kutsala atatuwa okha. Filimuyo anadzailumikiza pambuyo pake mothandizana ndi Frontline, pulogalamu ya wailesi yakanema ya PBS ku America, ndipo amene anadula ndi kusanja zithunzi ndi Michelle Mizner. Mawu ofotokoza ndi a Chernov mwini wake, m'Chingerezi, otsika ngati a munthu wolankhula pamaliro.

Mariupol ali kuti, nanga anaulimbiraniranji chonchi?

Ndi mzinda wa doko kum'mwera chakum'mawa kwa Ukraine, m'mbali mwa nyanja ya Azov, m'chigawo cha Donetsk. Nkhondo isanayambe munkakhala anthu oposa 400,000, ambiri a iwo olankhula Chirasha pakhomo. Ankadalira mafakitale awiri akuluakulu a zitsulo, Azovstal ndi Illich, komanso doko lotumizira zitsulo ndi tirigu kunja.

Russia inalanda Crimea, dera la kum'mwera kwa Ukraine, mu 2014, ndipo chaka chomwecho magulu oukira amene Russia inkawathandiza anatenga mbali ina ya Donetsk ndi Luhansk. Mariupol unatsala pakati pa madera awiriwa ngati chitsa panjira. Woutenga amalumikiza Crimea ndi malire a Russia pamtunda, n'kutsekeranso Ukraine nyanja yonse ya Azov. Nkhondo sinali yachilendo kwa eni mzindawu: mu 2014 oukira anaugwirako kwa masabata angapo, ndipo mu January 2015 maroketi anapha anthu pafupifupi 30 kudera la kum'mawa. Mwina n'chifukwa chake ambiri sanathawe masiku oyamba. Ankayesa zikhala ngati kale, kuphulika kwa masiku ochepa kumphepete kwa tauni kenako zii.

Ngakhale Chernov analakwitsa pamenepa. Tsiku loyamba akumana ndi mayi wina akulira pamsewu, akufunsa koti athawire. Iye amuuza kuti abwerere kunyumba akabisale m'chipinda chapansi, anthu wamba saomberedwa. Dera lomwelo linaphulitsidwa. Atamupezanso mayiyo pamalo obisalira anthu, anamupepesa, ndipo kupepesako sanakuchotse m'filimu. Kwa ine ndi pamenepa pamene ndinayambira kumukhulupirira.

Kuzingidwa kwa mzinda kumatanthauza chiyani kwa munthu wamba?

Pofika pa 2 March njira zonse zinali zitatsekedwa. Magetsi anazima, mipopi inauma, kenako gasi wophikira ndi wotenthetsera nyumba anatha. Kumayambiriro kwa March ku Ukraine kumazizira mpaka madzi kuundana usiku. Anthu a m'nyumba zosanjikizana, amene moyo wawo wonse sanasonkhepo moto wa nkhuni, anayamba kuphika panja pa mafuwa a njerwa, nkhuni zake mipando ndi nthambi za mitengo ya mumsewu. Madzi akumwa ankasungunula chipale chofewa kapena kukhetsa otsalira m'mapaipi. Kugona kunali m'zipinda za pansi pa nthaka, mothinana, ana ndi agogo ndi ziweto pamodzi.

Pa 5 ndi pa 6 March bungwe la Red Cross linayesa kuthandiza kuti anthu atuluke, koma masiku onse awiri zinakanika chifukwa kuombera sikunaleke. Njala ndi mantha zitakula, anthu anayamba kuthyola masitolo. Pali malo ena m'filimumo pamene mayi mwini sitolo akulira n'kumakalipira anthu amene akumutengera katundu, ena atanyamula zinthu zoti sangadye n'komwe, monga mpira wa ana. Dokotala wina anauza Chernov kuti nkhondo ili ngati makina a X-ray, imaonetsa zam'kati mwa munthu: wabwino amakomerakomera, woipa amaipiraipira.

Maliro nawo anasiya kukhala maliro. Antchito a mzinda anakumba ngalande yaitali kumanda akale n'kumaponyamo mitembo yokulungidwa m'makapeti ndi m'matumba akuda, mwachangu, chifukwa mizinga inkagwa pafupi. Panalibe wachibale, panalibe wansembe, panalibe nyimbo.

Ngati kunalibe magetsi ndi netiweki, zithunzizo zinkatuluka bwanji?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo theka la filimuyi lili pamenepa. Kujambula kunali koopsa, koma kutumiza ndiye kunali kuthyola msana.

Masiku oyamba anapeza malo amodzi okha mumzinda wonse pamene foni inkagwira, kunja kwa sitolo ina yothyoledwa pamsewu wa Budivelnykiv. Ankapitako kamodzi patsiku, kunjuta pansi pa masitepe, n'kumatumiza uku mizinga ikugwa. Kenako naponso netiweki inazima. Anayamba kukwera pamwamba pa chipatala china, pawindo la nyumba yachisanu ndi chiwiri, kusaka kachizindikiro kamodzi ka pafoni. Mabatire ankatchaja pa jenereta ya chipatala, imene inkayendetsanso zipangizo za madokotala. Kanema akakula ankamuduladula tizidutswa, n'kundanditsa mafoni atatu, iliyonse ikukoka kachidutswa kake, kuti akonzi a kunja akalumikize okha. Aliyense amene anaimapo pachulu kuti uthenga umodzi wa WhatsApp upite akudziwa kuwawa kwake kwa kudikira kuja. Apa kusiyana kwake n'koti ndege zinkazungulira kumwamba.

Pa zonse zimene anajambula, za maola pafupifupi 30, zimene zinatuluka iwo ali mkati zinali zochepa kwambiri, zosakwana ngakhale ola limodzi. Koma tizidutswa tomweto ndi timene mawailesi akanema a dziko lonse ankaonetsa mwezi umenewo. Ngati munaonako za Mariupol pa BBC, CNN kapena Al Jazeera mu March 2022, mwina munkaona ntchito ya atatuwa osadziwa.

Chernov analemba pambuyo pake kuti kudula mauthenga mumzinda wozingidwa kumagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi chisokonezo: anthu osadziwa chimene chikuchitika amachita mantha n'kubalalika maganizo. Yachiwiri ndi yoti wochita zoipa asadzayankhe mlandu, poti palibe anaona. M'filimumo anthu akungowaimitsa pamsewu n'kumafunsa: kodi Kyiv, likulu la dziko, ilipobe? Kodi mzinda wakutiwakuti watengedwa? Ena akupempha kuti awajambule nkhope, mwina wachibale ali kunja angaone kuti akadali moyo. Wailesi yokhayo imene inkamveka bwino inali ya Chirasha, imene inkauza anthu kuti akuwaombera ndi asilikali a Ukraine omwe, ndipo ena anakhulupirira.

N'chiyani chinachitika kuchipatala cha amayi oyembekezera?

Masana a pa 9 March bomba la ndege linagwera pachipatala nambala 3, chimene chinali ndi mbali ya amayi oyembekezera ndi ya ana. Atolankhaniwo anafika utsi ukadali tolo. Pabwalo panali dzenje lalikulu, magalimoto akuyaka, mitengo itathyokathyoka, mawindo onse atapita. Akuluakulu a mzinda ananena kuti anthu atatu anafera pomwepo, mmodzi mwa iwo mwana, ndipo 17 anavulala.

Ndi pamenepa pamene anajambula amuna atanyamula mayi woyembekezera pa machira, akudutsa naye pa zigumukire. Nkhope yake ili mbuu, dzanja lili pamimba, m'chiuno muli magazi. Anathamangira naye kuchipatala china, kumene madokotala anapeza kuti mafupa a m'chiuno aphwanyika. Anamuchita opaleshoni kuti atulutse mwana, koma mwanayo sanapume, ndipo mayiyo naye anatsikira kuli chete. Chithunzi cha Maloletka cha mayi ameneyu ndi chimene chinasankhidwa kukhala World Press Photo of the Year mu 2023.

Mayi wina, wovala zogonera za madonthomadontho, anamujambula akutsika masitepe ogumuka, nkhope ili ndi mabala, atanyamula bulangeti ndi kathumba. Ameneyu anachira bwinobwino mwana wamkazi tsiku lotsatira.

Palinso kanthawi kena kamene sindikaiwala. Madokotala atulutsa khanda mwa opaleshoni kwa mayi wina wovulala, ndipo khandalo lili phee. Akulisisita, akulimenyamenya kumsana, onse m'chipindamo akhala chete. Kenako linalira. Ndi kulira kokhako m'filimu yonse kumene munthu umakulandira ndi manja awiri.

Boma la Russia linati zonsezi ndi sewero. Tikhulupirire ndani?

Onani kaye zimene linanena, chifukwa silinanene chinthu chimodzi. Pa 10 March nduna yoona za maubale ndi mayiko ena, Sergei Lavrov, inati chipatalacho chinali chitalandidwa kale ndi asilikali a Ukraine a gulu la Azov ndipo odwala onse anali atachotsedwa, kutanthauza kuti chinali choyenera kuomberedwa. Tsiku lomwelo unduna wa zachitetezo unati ndege za Russia sizinaponye bomba lililonse m'deralo, zonse anachita kukonza. Ofesi ya kazembe wa Russia ku London inalemba pa Twitter kuti mayi wa zogonera uja ndi wochita sewero wodzola zopakapaka, ndipo ndi yemweyonso amene anagona pa machira. Twitter inachotsa zolembazo. Kazembe wa Russia ku United Nations, Vasily Nebenzya, ananyamula zithunzizo pamsonkhano wa Security Council n'kuzitcha zabodza. Ndiye kaya chipatala chinaomberedwa chifukwa munali asilikali, kaya sichinaomberedwe n'komwe, zonse ziwiri sizingakhale zoona nthawi imodzi.

Akonzi awo atawauza zimenezi, atolankhaniwo anabwerera kukasaka amayi aja kuti asonyeze kuti ndi anthu enieni. Ndi mmene anapezera mmodzi ali ndi khanda lake, n'kumvanso kuti winayo wamwalira. Patapita masabata, mayi wopulumukayo, ali kudera lolamulidwa ndi Russia, ananena pa kanema wina kuti iye sanamve kulira kwa ndege. Ofalitsa nkhani a ku Russia anazikuza kwambiri zimenezi, koma m'mawu omwewo iye anatsimikiza kuti analidi wodwala m'chipatalamo, kuti kunaphulikadi, ndiponso kuti mayi wa pa machira anali munthu wina. Akatswiri amene bungwe la OSCE, loona za chitetezo ndi mgwirizano ku Ulaya, linawatuma anatulutsa lipoti mu April 2022 lonena kuti chipatalacho chinaomberedwa ndi Russia mwadala ndipo umenewu ndi mlandu wa pankhondo.

N'chifukwa chiyani masiku 20 okha, pamene mzinda unazingidwa mpaka May?

Chifukwa akanatsala akanagwidwa. Pa 11 March anali m'chipatala china chachikulu pamene akasinja a Russia olembedwa chilembo cha Z anafika pafupi. Ali pawindo anajambula kasinja akutembenuza mzinga wake n'kuombera nyumba yosanjikizana yokhalamo anthu. Chipatalacho chinazingidwa, ndipo madokotala anawapatsa zovala za achipatala kuti asadziwike. M'mawa mwake gulu la asilikali a Ukraine linalowa likufunsa kumene kuli atolankhani, n'kuwathamangitsa m'misewu ikuyaka mpaka kumalo obisika. Wapolisi wina amene ankawathandiza anawafotokozera chifukwa chake: akakugwirani akuikani pa kamera, akukakamizani kunena kuti zonse munajambula ndi zabodza, ndiye ntchito yonse ipita m'madzi.

Anatuluka pa 15 March, atapanikizana m'galimoto ya wapolisiyo pamodzi ndi banja lake, galimoto yake yobooka ndi zidutswa za mabomba. Anadutsa marodibuloko 15 a asilikali a Russia, makamera ndi zosungira kanema zitabisidwa pansi pa mipando. Ananyamulanso kakhadi kakang'ono ka kanema amene anajambula wachipatala wina wodziwika, Yuliia Paievska, ndi kamera ya pathupi. Paievska anagwidwa ndi asilikali a Russia tsiku lotsatira, n'kudzamasulidwa mu June.

Tsiku lomwe Paievska anagwidwalo, pa 16 March, bomba linagwera nyumba ya zisudzo ya pakati pa mzinda, mmene munabisala anthu mazanamazana. Panja pake anali atalemba pansi mawu a Chirasha otanthauza kuti "ana", zilembo zake zazikulu zoti wa m'ndege awerenge. Panalibenso mtolankhani wa bungwe lakunja woti ajambule. Asilikali omaliza a Ukraine, amene anabisala m'fakitale ya Azovstal, anadzipereka pofika pa 20 May. Choncho filimuyi ikuonetsa gawo losakwana limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse ya kuzingidwako, ndipo zoopsa zambiri zinadza kamera itachoka.

Kodi si kupanda ulemu kujambula mwana akufa, makolo ake akulira?

Funso limeneli silipepuka, ndipo amene amaliyankha msanga ndimamukayikira. Kwathu maliro timawapatsa ulemu. Thupi timaliphimba, ana timawachotsa, ndipo munthu wotulutsa foni pamene mayi akugubuduka ndi chisoni timamuona ngati wopanda umunthu. Filimuyi ikuonetsa kamtsikana kakang'ono madokotala akulimbana nako mpaka kulephera. Ikuonetsa bambo atagwira mutu wa mwana wake wa zaka 16, amene bomba linamupeza akusewera mpira pafupi ndi sukulu. Ikuonetsa makolo achinyamata akuthamanga m'khonde la chipatala ndi mwana wa miyezi 18 wokulungidwa m'bulangeti lamagazi, kenako mayiyo akufunsa kuti chifukwa chiyani, chifukwa chiyani, popanda womuyankha.

Chimene chinandikhazika mtima pansi pang'ono n'choti nthawi zambiri ndi achipatala eni ake amene akukoka wojambulayo kuti alowe. Dokotala amene ankayesa kudzutsa kamtsikana kaja anayang'ana kamera mwaukali n'kunena kuti akamuonetse Putin maso a mwanayo ndi madokotala akulira. Anthu amenewa anali atatsekeredwa, dziko silikuwamva, ndipo kamera inali khomo lokhalo lotseguka. Ife timati maliro n'kulirana. Iwowa analibe wowalira, ndiye ankaitana aliyense amene angaone.

Koma si onse anafuna. Ena akumutukwana Chernov pamsewu, ena akutembenuza nkhope, ndipo zimenezonso anazisiya momwemo. Komanso tisanamizane: mayi amene mwana wake wangomwalira kumene sangathe kuganiza bwino ngati akufuna kuti nkhope yake idzaonedwe ndi anthu mamiliyoni zaka zikubwerazi. Chilolezo cha pa nthawi ngati imeneyo n'chopunduka. Chernov, amene ali ndi ana aakazi akeake ndipo amawatchula m'filimumo, sakudziyeretsa. Akungonena kuti izi n'zowawa kuonera, ndipo ziyenera kuwawa. Ine ndimaona kuti kujambulako kunali koyenera ku Mariupol chifukwa panali anthu amphamvu okonzeka kukana kuti anawo anafa. Zimenezi sizipereka ufulu kwa aliyense wa foni kujambula ngozi ya pamsewu n'kumwaza m'magulu a WhatsApp achibale asanamve.

Kodi filimuyi siikukondera mbali ya Ukraine?

Ojambula onse atatu ndi a ku Ukraine, dziko lawo ndi limene linalowereredwa, ndipo sakubisa. Ankayenda ndi apolisi ndi asilikali a Ukraine, amenenso anawapulumutsa. Simuonamo msilikali wa Russia akufotokoza mbali yake, ndipo filimuyi siikufufuza kumene asilikali a Ukraine anaika zida zawo mkati mwa mzinda. Siikufotokozanso mbiri ya mkanganowu, za NATO kapena za mapangano oletsa nkhondo a ku Minsk. Wofuna zimenezo akawerenge kwina.

Komabe kukhala ndi mbali n'kosiyana ndi kunama. Muli zinthu zambiri zimene wofalitsa zokopa anthu akanazidula: eni mzinda akuba m'masitolo, anthu akunena kuti akuwaombera ndi a Ukraine, ena osasamala kuti mbendera ikhala ya ndani bola kuombera kuleke. Mboni ya pakhoti imanena zimene inaona pamene inaima, ndipo filimuyi ndi mboni yotero, ya anthu atatu, m'misewu yowerengeka ndi zipatala zingapo.

Anafa anthu angati ku Mariupol?

Ziwerengero zimasiyana kutengera njira yowerengera. Mu June 2022 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati yatsimikiza imfa za anthu wamba 1,348, mwa iwo ana 70, koma inanenanso kuti chiwerengero chenicheni chiyenera kukhala chokwera ndi masauzande. Inatinso nyumba zogonamo anthu pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zinawonongeka kapena kugweratu, ndipo anthu pafupifupi 350,000 anathawa. Bungwe la Human Rights Watch ndi anzake, atawerenga manda atsopano pa zithunzi za setilaiti, ananena mu February 2024 kuti anthu osachepera 8,000 anafa chifukwa cha nkhondoyi. Akuluakulu a Ukraine amatchula 25,000 kapena kuposa.

Za nyumba ya zisudzo zokha, kafukufuku wa Associated Press anapeza kuti anafa ndi anthu pafupifupi 600, pamene Amnesty International inatsimikiza 12 n'kunena kuti ayenera kuti analipo ena ambiri. Kutalikirana kwa manambala awiriwa kukusonyeza zimene zimachitika pamalo pakasowa woona ndi wowerenga.

Kodi kuzinga mzinda ndi mlandu? Nanga kanemayu angagwire ntchito kukhoti?

Malamulo a nkhondo saletsa kuzinga asilikali a mdani. Chimene amaletsa ndi kugwiritsa ntchito njala ya anthu wamba ngati chida, kuwononga zinthu zimene moyo wawo umadalira monga madzi ndi chakudya, kuombera mosasankha, ndi kuombera zipatala. Chitetezo cha zipatala chili m'pangano lachinayi la Geneva la 1949, ndipo za njala zili m'zowonjezera za 1977 komanso m'malamulo okhazikitsa khoti la International Criminal Court (ICC). Chipatala chimataya chitetezo chake pokhapokha chikagwiritsidwa ntchito pomenya nkhondo, ndipo ngakhale zitatero pamafunika chenjezo kaye.

Kanema amathandiza kusonyeza chimene chinachitika, malo ake ndi tsiku lake. Chimene sangasonyeze payekha ndi amene analamula, ndipo khoti limafuna dzina la munthu. Chikalata chomangira Vladimir Putin chimene khoti la ICC linatulutsa pa 17 March 2023 ndi cha mlandu wosamutsa ana a ku Ukraine kupita nawo ku Russia, osati cha chipatala cha Mariupol.

Inalandira mphotho zanji?

Inayamba kuonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu January 2023, kumene oonera anaisankha kukhala yopambana m'gulu lake. Chaka chomwecho atatuwa pamodzi ndi mnzawo Lori Hinnant anapezetsa Associated Press mphotho ya Pulitzer. Mu February 2024 inapata BAFTA, mphotho ya mafilimu ya ku Britain, ndipo pa 10 March 2024 inapata Oscar, yoyamba m'mbiri ya Ukraine. Polandira, Chernov ananena kuti akanakonda akanapanda kupanga filimuyi, ndipo akanatha akanasinthanitsa mphothoyo ndi kuti Russia isalowerere dziko lake.

Ndingaonere pamodzi ndi ana? Nanga imapezeka kuti?

Ana ayi. Ngakhale wamkulu amene anatayapo mwana, kapena mayi woyembekezera, aganize kaye. Frontline inaiika pa YouTube ndi patsamba lake kwaulere, kungoti imatseguka m'mayiko ena, kwina ayi. Anthu a m'filimumo akulankhula Chirasha ndi Chiyukireniya, mawu omasulira a Chingerezi ali m'munsi.

Palinso mafilimu ena a mizinda yozingidwa?

Alipo. For Sama ya 2019 inajambulidwa ndi Waad al-Kateab ku Aleppo, m'dziko la Syria. Iye sanali mlendo wobwera ndi kamera. Ankakhala m'chipatala momwemo ndi mwamuna wake dokotala, anaberekera mwana komweko, ndipo filimuyo ndi kalata yopita kwa mwanayo. Za Mariupol womwewu palinso Mariupolis 2 ya Mantas Kvedaravičius wa ku Lithuania, amene anabwerera mumzindawu nkhondo ili mkati n'kuphedwa komweko. Bwenzi lake ndi limene linatulutsa zimene anajambula, ndipo zinaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France, mu May 2022. Imeneyo ndi yodekha, ya anthu obisala m'tchalitchi, akusesa pabwalo ndi kuphika supu panja.

Mizinda yambiri yozingidwa ilibe filimu yotere. El Fasher, ku Darfur m'dziko la Sudan, unazingidwa ndi gulu lankhondo la RSF, lolimbana ndi asilikali a boma, kwa chaka ndi theka mpaka kugwa mu October 2025, anthu akudya chakudya cha ziweto. Zambiri zimene dziko linaona kumeneko zinali zithunzi za setilaiti ndi timakanema ta pafoni, tina tojambulidwa ndi akuphawo.

Mzindawu uli bwanji tsopano?

Uli m'manja mwa Russia, imene mu September 2022 inalengeza kuti chigawo chonse cha Donetsk ndi chake, zimene mayiko ambiri ku United Nations anazikana. Putin anafikako usiku wina mu March 2023, patangopita tsiku limodzi kapena awiri chikalata cha ICC chitatuluka, n'kuonetsedwa pa kanema akuyendera nyumba zatsopano. Nyumba zambiri zowonongeka zinagwetsedwa, mayina a misewu ena anasinthidwa, ndipo m'masukulu akuphunzitsa silabasi ya ku Russia. Ambiri mwa amene anathawa sanabwerere.

Nyumba ya zisudzo ija anayamba aizunguliza ndi chinsalu chachitali chojambulidwa nkhope za alembi otchuka, kuti odutsa asaone mkati. Mu December 2022 makatapila analowa kuseri kwa chinsalucho n'kugumula mbali yaikulu ya zimene zinatsala, ofufuza odziimira paokha asanaloledwe kupondapo.